Driver ya madola 600 siwongola mpira wokhotera kumanja

Achimwene, imelo yanu ndaiwerenga. Mwati mwayamba gofu chaka chatha, mipira yanu ikumakhotera kumanja, ndipo anzanu akuti vuto ndi driver yotchipa (ndodo yaitali yomenyera mpira kutali poyamba bowo), mugule ya TaylorMade kapena Callaway yatsopano. Malangizo amenewa amandiwawa kwambiri, chifukwa ndi amene amawonongetsa ndalama za anthu ongoyamba kumene, makamaka masiku ano pamene madola akusowa chonchi, koma mpira n'kumakagwerabe m'tchire lomwe lija.

Anzanuwo mwina sadziwa kuti makampani onse ali m'khola limodzi. Malamulo a ndodo amakhazikitsidwa ndi mabungwe awiri, R&A ya ku St Andrews ku Scotland ndi USGA ya ku America. Mutu wa driver suloledwa kupitirira 460cc, utali wa ndodo suloledwa kupitirira mainchi 48, ndipo mphamvu imene nkhope ya ndodo imabwezera mpira, imene amaitcha COR, inaikidwa malire pa 0.830. Makampani akuluakulu anafika pa malire amenewa kalekale. Ndiye mukamenya pakatikati penipeni, driver ya chaka chino ndi ya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo zisiyana ndi mayadi ochepa chabe, oti simungawaone ndi maso.

Ndiye ndalama zonsezo zimapita kuti? Zina zimapitadi pa luso lenileni, sindingakane. Nkhope ya titanium amaisula yochindikala pakati, yopyapyala m'mbali, kuti mpira womenyedwa kunsonga kwa mutu kapena kuchidendene (mbali yoyandikira mpini) usataye liwiro lambiri. Denga la mutu amaliumba ndi carbon kuti lipepuke, kulemera kumene apulumutsako n'kukuika pansi ndi kumbuyo, mutu usapotoke ukagunda mpira pambali. Pakhosi pali sikuluwu yoti ndi kasipanala kake mumakweza kapena kutsitsa loft (kupendekera m'mwamba kwa nkhope) ndi digiri imodzi kapena ziwiri. Koma zimenezi si zatsopano ayi. Zitsulo zosunthika zosinthira kulemera m'mutu zinabwera ndi TaylorMade r7 Quad mu 2004. TaylorMade M2 ya 2016, Callaway Epic ndi Ping G400 za 2017 zili nazo kale zambiri mwa nzeru zimenezi. Ndalama zotsalazo mumalipira otsatsa malonda ndi akatswiri amene amavala chipewa cha kampaniyo pa TV.

Musamve ngati ndikuti yotchipa iliyonse ndi yabwino. Pali ma driver amene amabwera m'bokosi limodzi ndi ndodo zonse komanso chikwama. Ambiri mwa amenewa mutu wake ndi wa aluminiyamu wosakaniza, nkhope yochindikala yosabweza mpira bwino, ndipo imaphwanyika kapena kulowa m'kati pakapita nthawi. Shafiti yake, ndiye kuti mpini wa ndodoyo, salemba kulemera kwake, ndipo imapotoka kwambiri moti nkhope imafika pa mpira mosiyanasiyana nthawi iliyonse. Oipitsitsa ndi achinyengo, olembedwa dzina lalikulu koma opangidwa kwina. Mukaona pa Facebook driver ya chaka chino ili m'pulasitiki, mtengo wake theka la mtengo wa m'sitolo, thawani. Tengani maginito muike pankhope: titanium sigwira maginito, ndiye ikamata dziwani kuti ndi chitsulo wamba. Yang'anani zilembo ngati zili zokhota kapena utoto wasefukira, guluu wotuluka pakhosi, nambala ya ndodoyo ngati ilipo, ndi chogwirira chonunkha ngati tayala latsopano. Ya Wilson, Cleveland kapena Tour Edge yeniyeni, ngakhale ilibe mbiri, imaposa kutali yachinyengo ya dzina lotchuka.

Koma tibwere pa mpira wanuwo, chifukwa apa mpamene pagona nkhani. Mpira wa munthu wamanjamanja umakhotera kumanja chifukwa nkhope imafika yotseguka, ndiye kuti yoloza kumanja, poyerekeza ndi njira imene ndodo ikudutsa, kawirikawiri ikuchokera kunja n'kudula mpira kulowera m'kati. Palibe mtengo wa ndodo umene ungasinthe zimenezo. Chimene chimakulitsa vutoli ndi kunyada. Amuna ambiri amafuna loft ya madigiri 9 ndi shafiti yolembedwa S (youma), poti ndi zimene amanyamula akatswiri. Katswiriyo ndodo yake imathamanga mamailosi oposa 110 pa ola. Wosewera wamba amakhala pa 85 mpaka 95, ndipo kwa iye shafitiyo imakhala youma ngati mpini wa khasu: siipinda, nkhope siitsekeka nthawi yake, mpira umatuluka wotsika n'kukhota. Loft ikachepa, kukhotako kumawonjezereka. Pa liwiro limenelo mukufunika madigiri 10.5 kapena 12, shafiti ya R (yofewerapo) yolemera magalamu 50 mpaka 60. Ndikunena motsindika: driver ya madigiri 12 yakale idzakupatsani mayadi ambiri kuposa ya madigiri 9 yotuluka dzulo, ndipo aliyense wokusekani chifukwa cha nambala imeneyo sakukufunirani zabwino.

Musanagule kalikonse, chitani izi. Pakani choko kapena pauda pankhope ya driver imene muli nayo, mumenye mipira khumi, muone pamene mpira ukusiya chizindikiro. Pakati penipeni, liwiro la mpira limakhala pafupifupi kuchulukitsa ka 1.5 liwiro la ndodo, kutanthauza kuti 90 imabala 135. Mukamenyera kuchidendene mumatha kutsika kufika cha m'ma 120, ndipo mwataya mayadi oposa 20, komanso kumenyera kuchidendene kumakankhira mpira kumanja. Zizindikiro zikabalalika nkhope yonse, ndodo yakutalikirani. Za m'sitolo zambiri zimabwera mainchi 45 ndi theka kapena kuposa, pamene akatswiri ambiri amasewera ndi zazifupi kuposa pamenepo. Vulani chogwirira, kulungani tepi ya pepala pamalo odulapo kuti graphite ya shafitiyo isanyenyeke, dulani inchi imodzi ndi sowo ya mano ang'onoang'ono. Mudule kumtunda kogwirira, osati kumunsi kwa mutu, chifukwa kudula kumunsi kumaumitsa shafiti. Mukatero mutu umamveka wopepuka m'manja, ndiye matani tepi ya mtovu magalamu 6 mpaka 10 pansi pake, cha kuchidendene, kuti ithandizeko kutseka nkhope.

Nkhani ya tee, kachikhomo koikapo mpira, anthu amainyoza. Mutu wa 460cc ndi wautali, umafuna tee ya mamilimita 70 kapena kuposa, theka la mpira lionekere pamwamba pa denga la ndodo, mpirawo uli moyang'anizana ndi chidendene cha phazi lakumanzere. Nthaka yathu ikauma mu September ndi October, anthu amakhomera tee mwamphamvu n'kuitsitsa kwambiri kapena kuisiya yopendama. Ikakwera mopitirira, mpira umakanda utoto wa padenga, ndipo denga la carbon likang'aluka palibe wowotcherera kuno amene angalikonze. Chitsimikizo cha kampani chili ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo potumiza ndi pobweza mulipiranso.

Kenaka ganizirani kumene mumasewera. Bwalo lathu la Mlambe ku Makokola lili ndi mabowo 9 aafupi, ndipo kumeneko driver imangogona m'chikwama. Imatuluka mukapita ku Zomba Gymkhana Club, ku Blantyre Sports Club, ku Limbe kapena ku bwalo la mabowo 18 la Lilongwe Golf Club, ndipo ngakhale kumeneko simungaimenye koposa ka 14 pa masewero amodzi. Mabowo ambiri amatayika pafupi ndi mbendera, pa wedge ndi putter, ndodo zomenyera pafupi ndi bowo. Funsani ma caddie (onyamulira osewera ndodo) achikulire akuuzani chimodzimodzi, ndipo ambiri a iwo akangokuonani mukumenya katatu amadziwa kale chimene chikulakwika. Muwalipire bwino akuimireni kumbuyo ola limodzi. Kutentha kwa kuno nakonso n'kofunika kukuganizira. Ndodo yosiyidwa m'buti ya galimoto dzuwa likuswa mtengo, guluu wogwira mutu ku shafiti amafooka ndipo chogwirira chimauma n'kumaterera. Chogwirira chikamaterera, munthu amafinya mwamphamvu, mikono imauma, nkhope imatsala yotseguka, mpira uyo kumanja. Muzichitsuka ndi sopo ndi madzi ofunda, ndipo chikayamba kunyezimira chisintheni.

Ndiye mugule iti?

Yatsopano ya madola 600, pamwamba pake msonkho ndi zotumizira, n'njoyenera kwa munthu amene amamenya kale pakati kasanu ndi kawiri pa khumi, ndipo ali ndi mwayi woyezedwa pa makina oyezera liwiro ndi kazunguliridwe ka mpira asanalipire. Inu gulani ya kaunjika yeniyeni ya Ping, Cobra, Callaway kapena TaylorMade, ya zaka zinayi mpaka zisanu ndi zitatu, madigiri 10.5 kapena 12, shafiti ya R. Ikakhala yothandiza kukokera mpira kumanzere, monga ya Ping yolembedwa SFT, ndi bwino koposa.

Poigula, igwedezeni pafupi ndi khutu mumve ngati muli chosekesa m'kati. Yendetsani chikhadabo pankhope ndi m'mphepete mwa denga kufuna mng'alu. Pindani shafiti pang'ono mumve ngati ikulira, ndipo muone pamene imakhuzana ndi chikwama ngati utoto wadyeka kufika pa ulusi wa graphite, chifukwa pamenepo mpamene imathyokera. Muumirire kuti akupatseni kasipanala ndi chovindikira mutu. Pomanga sikuluwu ya pakhosi, zungulizani mpaka kasipanalako kalire kuti kwa, kamodzi kokha, musawonjezerepo. Ndipo dziwani kuti kachitsulo kolumikiza shafiti ndi mutu n'kosiyana kampani ndi kampani: shafiti ya Ping silowa m'mutu wa Callaway popanda kusintha kachitsuloko.