Kodi Depo ndi amene wandiumitsa m'mimba?

Anamwino moni. Ndine mayi wa zaka 29, ndimakhala ku Santhe kuno ku Kasungu, mwana ndili naye mmodzi wa zaka 5. Ndakhala ndikubayitsa Depo kwa zaka 3, jakisoni womaliza ndinabayitsa mu Malichi, pano miyezi 7 yadutsa koma kumwezi ndangopitako kamodzi, timagazi tochepa basi. Apongozi anga akuti jakisoni anandiumitsa m'mimba ndipo ayamba kale kulankhula zinazina. Mnzanga akuti ndikagule Clomid ku famase ku boma, iyeyo anamuthandiza. China kaya chikukhudzana kaya ayi, bambo akunyumba amanyamula zitsulo ndiye chaka chino ayamba kubayitsa testosterone amene mnzawo amawabweretsera, akuti ngowonjezera mphamvu. Ndigule Clomid yo?

Mayi wodandaula, Santhe

Mayi, ndalama ya Clomid yo isungeni kaye. Depo saumitsa munthu m'mimba. Mankhwala ali mujakisoni muja amatchedwa medroxyprogesterone, amafanana ndi homoni ya progesterone imene thupi lanu limapanga lokha, ndiye amapangitsa ubongo kusiya kutumiza uthenga woti dzira likhwime. Timati mubwerenso pakatha miyezi 3 koma sikuti tsiku limenelo mankhwala atheratu mthupi ayi, amatuluka pang'onopang'ono, amayi ambiri amadzatenga mimba patadutsa miyezi ngati 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ena mpaka chaka kapena kupitirirapo. Ndiye inu pa miyezi 7 simunachedwe, ndipo timagazi munaona tija mwina ndi thupi layamba kudzuka. Kuchedwa kumeneku sikutengera kuti munabayitsa zaka zingati eti. Koma kayezetseni mkodzo kaye, dzira limatha kutuluka msambo usanabwerere, ndawaonapo amayi akudandaula kuti sakusamba pomwe mimba ili kale ya miyezi iwiri.

Clomid ndi mankhwala enieni, dzina lake clomiphene, amanamiza ubongo kuti homoni yachikazi ya estrogen yachepa ndiye ubongo umalimbikira kukankha mazira kuti akhwime. Amamwa masiku 5 okha kumayambiriro kwa msambo, ndipo amathandiza mayi amene dokotala wapeza kuti mazira ake sakutuluka. Ngati machubu anatsekeka kapena vuto lili kwa bambo mungomwa chabe, kuphatikiza apo amatha kutupitsa mabasiketi a mazira, kusokoneza maso, komanso kubweretsa mapasa osawakonzekera. Zinamuthandiza mnzanu, chabwino, koma thupi lake si lanu.

Tsopano zija mwalemba kumapeto ngati zosafunika zija ndi zimene zandikhazika tsonga. Testosterone ndi homoni yachimuna, koma wobaya amadula mbewu ya abambo. Ubongo ukaona kuti homoniyi yadzadza m'magazi umaleka kutulutsa LH ndi FSH, mahomoni awiri amene amalamula machende kupanga mbewu, ndiye munthu minofu ikukula, kuchipinda zikuyenda bwinobwino, umuna ukutuluka ngati kale koma mkati mwake mbewu zatsala zochepa kapena mulibiretu. Si zongopeka izi, a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anamuyesapo testosterone m'zaka za m'ma 1990 ngati njira yakulera ya abambo ndipo amagwiradi. Mwachidule inu munasiya kulera iwo ndi kuyamba. Kuchipatala timamupereka kwa bambo amene wayezedwa magazi n'kupezeka kuti thupi lake silikupanga wokwanira, ndipo ngakhale ameneyo ngati akufuna mwana dokotala amasankha njira ina. Nanga wa m'chikwama cha mnzawoyo akudziwa ndani kuti m'botolomo muli chani? Amathanso kukweza BP, kulimbitsa magazi, kuchepetsa machende ngakhale kumeretsa mabere kumene.

Akasiya, mbewu nthawi zambiri imabwerera koma si mawa, kupanga mbewu yatsopano kumatenga masiku oposa 70 ndipo ambiri amatenga miyezi 6 mpaka chaka kuti zibwerere mwakale. Masabata oyamba amatha kufooka, kukwiya msanga, chilakolako kutsika, asadabwe n'kubwereranso ku jakisoni.

Pitani nonse awiri ku chipatala cha boma ku Kasungu, mutenge buku lanu lakuchipatala lomwe analembamo tsiku la jakisoni womaliza, iwo atenge botolo lija akamuonetse dokotala, asachite manyazi, ndipo afunse zoyezetsa umuna. Inu ngati chaka chitakwana kuchokera Malichi msambo usanakhazikike mukaonedwenso bwino. Za apongozi zo sindilowererapo kwambiri, koma nkhani ya jakisoni wa mwana wawoyo muyambe mwakambirana awiri m'nyumba isanafike kwa ankhoswe.