Kwa mdzukulu wanga wosoka wa ku Santhe

Mdzukulu wanga, uthenga wako andiwerengera dzulo titadya nsima. Wati waphunzira zosoka chaka chathunthu koma mpaka pano makasitomala akumabweza madiresi, mkono wina wautali wina waufupi, zipi yokhota, ndiye ukufunsa ngati alipo wakuchita chipongwe kapena mwina luso mwa iwe mulibe ungosiya ukayambe geni ya tomato. Ndinayamba ndaseka kaye, usandikwiyire.

Ndikufunse, pomwe umadula nsalu ija foni inali kuti? Chifukwa ine ndimakuonani inu pakhonde la sitolo tsiku la msika, phazi likupalasa mashini, maso ali pa WhatsApp, m'khutu mwatsekamo tizingwe tija, pakamwa mukuseka ndi mnyamata wa kabaza, ndiye nsalu ya eni ake ikusokedwa ndi ndani? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ine mashini sindiwadziwa, ntchito yanga inali kuumba. Mayi anga aakulu ndi amene anandiphunzitsa ndili kamtsikana, tinkakakumba mtapo kudambo, kuusenza mpaka kunyumba, kuunyika, kenako nkukhala pansi kumachotsa timiyala ndi timizu ndi zala, kamodzikamodzi. Ntchito yotopetsa heve ndipo palibe amene amakuyamikira chifukwa siioneka. Tsiku lina kunali chimtali kumudzi wapafupi, ng'oma ndikuimva, ndinangokanda dothi mwachidule nkuumba mtsuko, kuupala bwinobwino ndi chitsononkho, kuusalaza ndi nkhulungo mpaka kuwala, ndipo mmalo mousiya pamthunzi masiku angapo ndinauika padzuwa kuti uume msanga. Ndithu unali wokongola. Tsiku lowotcha moto utangogwira tinangomva phuu, mtsuko wanga mapale okhaokha, nkuphwanyanso mphika wa mnzanga womwe unali pambali. Mayi aja sanandikalipire, anatola phale limodzi nkundionetsa kamwala kakang'ono ngati njere ya mapira kali mkatimo, basi anangondiyika m'manja nkuchokapo.

Paja akuluakulu ankati mbiya ikasweka ndiye kuti woumba sanadike kapena wina wotentha wakhudza dothi. Miyambo imeneyo sindiinyoza ayi, inkatiphunzitsa kudzisunga, koma tsiku limenelo panalibe mfiti, panalibe mdulo, mtima wanga unali kuchimtali manja okha ndi amene anatsala padothi.

Za luso zija usadandaule nazo kwambiri. Mwana uja wa ku Wimbe konkuno ku Kasungu, William Kamkwamba, anasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2002 makolo atasowa fizi, ife amene tinaiona njala imeneyo sitikonda kuikamba, anthu ankadya gaga ndi mizu ya nthochi. Iyeyo ali ndi zaka 14 anakhalira kuyang'ana zithunzi za m'buku la ku laibulale, Chingerezi chake chosakwanira, nkumatolera zitsulo zotayidwa, njinga yakutha, mapaipi ndi mitengo ya bulugama mpaka anamanga makina amphepo oyatsa magetsi kwawo. Anthu ankati wapenga, ena nkumati akusuta chamba. Lero aliyense amakamba za kutchuka kwake, koma ine ndimaganiza za masiku ambirimbiri amene anakhala yekha ndi chinthu chimodzi chomwecho, chikukanika iye nkumasula nkuyambiranso.

Ndiye iwe chita chonchi. Kasitomala akabwera mulonjere, mpatse pokhala, mumvere mpaka amalize, ena amabwera ndi chitenje chomwe asungira miyezi itatu kapena chimene anawapatsa malemu mayi awo ndipo sangakuuze ukapanda kufatsa. Muyeze wekha ndi tepi ulembe m'kabuku, zosunga m'mutu zisiye. Usanagwire sizasi yala nsaluyo uone maluwa akuloza kuti, ine ndinaonapo mayi wina kutchalitchi atavala diresi mbalame zonse zili chadodolido kumsana, anthu kumangotsinana. Nthawi yodula foni ikhale m'chikwama, ola limodzi lokha dziko silitha, ndipo ukakhala kuti wakwiya kapena wakangana ndi munthu mmawa usadule tsiku limenelo, soka mabatani kapena pinda mipendero, sizasi sabweza.

Kwinaku ndi pakamwa. Atelala munatchuka ndi bwerani mawa, makamaka sukulu zikamatsegulira mu Sepitembala ndi nthawi ya Khirisimasi, mumalandira nsalu za mudzi wonse mukudziwa kuti manja ndi awiri, kenako usiku mukusoka ndi tochi mothamanga, mikono yosiyana ija imachokera pamenepo. Kana zina. Munthu ukamuuza kuti amayi sindikwanitsa sabata ino amadandaula pang'ono koma amabweranso, ukamunamiza katatu amakalengeza kuchigayo ndi kumjigo. Ndipo ukawononga nsalu ya munthu usabise msoko mkati ngati kamwala kanga kaja, muuze, pepesa, mugwirizane zobweza.

Madiresi awiri anabwezedwa aja usawataye pansi pa bedi. Uwasule wekha ulusi umodziumodzi uone pomwe dzanja linaphonya, ndipo Loweruka ukamabwera kudzatenga mtedza unditengere limodzi ndidzalione, ubweretsenso tepi yako undiyeze, ndili ndi chitenje cha Mvano chomwe ndakhala ndikusunga.