Kodi kampani yaikulu ya zomangamanga ingagule kwa ife ang'onoang'ono?

Mayi wina wa ku Kalingalinga, amene amawotcherera zitseko ndi mawindo achitsulo, wandilembera imelo kufunsa mmene angayambire kugulitsa katundu ku ofesi ya kuno ku Lusaka ya kampani ina ya zomangamanga, imene imalengeza kuti imagula kwa amayi ndi achinyamata. Amayi, funso lanu landikhudza chifukwa inenso ndinkaperekera kampani yotere matabwa a ku msika wa Buseko.

Anandilandira mwaulemu, anandijambula chithunzi choika m'lipoti lawo la pachaka, koma malipiro anga ankayenera kuvomerezedwa ndi likulu lawo kunja kwa dziko, ndipo ankatenga miyezi, pamene wocheka matabwa ndi mwini lole ankafuna zawo tsiku lomwelo. Ndinafika potenga kaloba kuti ndikwaniritse oda yachiwiri ndisanalandire za yoyamba, ndipo phindu lonse linathera pachiwongoladzanja.

Choncho ndikunena mosabisa kuti kampani yochedwetsa malipiro a wamalonda wamng'ono ilibe chifukwa chodzitamira kuti ikutukula anthu. Tili ndi lamulo la Citizens Economic Empowerment la 2006, lotukula nzika pa zachuma, tilinso ndi ndondomeko yakuti 20 peresenti ya ntchito za misewu ipite kwa makontirakitala a m'dziko muno, komabe ambiri amene ndimawadziwa amangopatsidwa kukumba ngalande ndi kulambula tchire, pamene ntchito yophunzitsa luso, monga kuthira phula ndi kumanga milatho, imatsala m'manja mwa makampani akuluakulu. Kugawa kotere sikulera kontirakitala woti adzaime yekha.

Zoti muchite

Yambirani pa zosowa za ofesi yomweyo, monga kukonza geti kapena zitsulo za m'mawindo, chifukwa kawirikawiri zinthu zazing'ono zotere amazivomereza mkulu wa ofesi ya konkuno osadikira likulu. Mukhale ndi satifiketi ya PACRA (bungwe lolembetsa mabizinesi), TPIN (nambala yanu ya msonkho) ndi kalata ya ZRA yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, komanso mapepala a NAPSA, bungwe la penshoni. Ngati mudzaikanso nokha zitsekozo pamalo omanga, funsani ku National Council for Construction, bungwe lolembetsa makontirakitala, za giredi 6, imene ndi ya oyamba kumene. Musadule chitsulo musanalandire oda yolembedwa, yotchula tsiku lolipira.