Dzanja pamutu pa mwana usiku wa Lachisanu

Mdzukulu wanga, wandifunsa chifukwa chimene abwana ako achiyuda ku Glenhazel, dera la ku Joni, sakhudzira foni kapena kuyatsa magetsi kuyambira Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka nyenyezi zitatu zitaoneka, ndipo ukuda nkhawa kuti tsiku lina udzawalakwira. Mtima ukhale pansi. Limenelo ndi Sabata lawo, ndipo udzalizolowera monga ndinazolowera ine m'zaka za m'ma 1960, ndili khukhi ku Yeoville, ku Joni komweko, pa banja lina limene makolo ake anachokera ku Lithuania. Chandidabwitsa n'chakuti waona foni yozimitsidwa, koma za patebulo sunandifunse.

Mayi a m'nyumbamo ankayatsa makandulo kutatsala mphindi 18 kuti dzuwa lilowe, ine nditaika kale mikate iwiri yoluka ndi kuivundikira ndi kansalu. Bambo akabwera kuchokera ku sunagoge, asanadalitse vinyo, ankaitana ana mmodzimmodzi ndi kuwasanjika manja pamutu. Kwa anyamata ankati Mulungu awachititse kukhala ngati Efereimu ndi Manase, kwa atsikana ngati Sara, Rebeka, Rakele ndi Leya, kenaka n'kumalizira ndi dalitso la pa Numeri 6:24-26. Ngakhale mnyamata wawo wamkulu, amene anali atamera kale ndevu ndipo masana omwewo anali atakangana ndi bambo ake, ankaweramitsa mutu. Ndinkaimirira pakhomo la khitchini, msuzi uli pamoto, osafuna kuphonya zimenezo.

Ayuda amagawa mabuku asanu a Mose m'zigawo 54, ndipo amawerenga mlungu ndi mlungu mpaka chikondwerero cha Simchat Torah, pamene amatsiriza Deuteronomo n'kuyambiranso Genesis tsiku lomwelo. Chigawo chotchedwa Vayechi chikafika, chakumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, agogo a m'nyumbamo ankafotokozera adzukulu za Yakobo akudwala ku Iguputo, amene anapingasa manja podalitsa ana awiri a Yosefe, Efereimu ndi Manase aja, naika lamanja pa wamng'ono. Ankati anawa ndiwo abale oyamba m'buku la Genesis amene sanadane chifukwa cha ukulu, ndiponso anakulira m'dziko la eni osataya za makolo awo. Mawu achiwiriwa ankandilasa mtima, pokhala inenso ndinali mlendo kutali ndi kwathu.

Ine popita ku Joni ndinagwada pamaso pa amalume ndi agogo anga kutsanzika, ndipo anandigwira pamutu ndisanakwere basi. Iwe unanyamuka usiku, ndipo tinamva kuti wapita utadutsa kale Mwanza, kudzera pa uthenga wa pafoni. Sindikukudzudzula, ndi mmene anzako onse akuchitira masiku ano, ndipo ndalama zimene umatumiza timazilandira ndi manja awiri. Komabe Lachisanu likubwerali usathamangire kuchipinda kwako ukamaliza ntchito, uime pakhomo uonerere, ndipo ukadzabwera pa Khirisimasi udzayambe wafika pakhonde panga usanapite kukaona anzako.