Maonekedwe amakopa osankha, koma sapereka luso

Mwafunsa ngati munthu wooneka bwino amakhaladi mtsogoleri wabwino kapena bwenzi lodalirika, popeza ambiri amathamangira kwa anthu otere.

Mu 1920, katswiri wa maganizo Edward Thorndike anapeza kuti akuluakulu a asilikali akaona msilikali wathupi labwino, ankamuyesanso wanzeru ndiponso wotha kutsogolera anzake. Mu 2005, Alexander Todorov ndi anzake a ku yunivesite ya Princeton anaonetsa anthu nkhope za opikisana pa mipando ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo ku America, ndipo amene ankaoneka odziwa ntchito ndiwo anapambana pafupifupi mipando 7 mwa 10 iliyonse. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa zikusonyeza kuti munthu amaweruzidwa asanatchule ngakhale mfundo imodzi, pomwe kupambana chisankho sikutsimikizira kuti adzalamulira bwino.

Pa zachikondi, kutalika kwa nthawi yodziwana kumachepetsa mphamvu ya nkhope. Kafukufuku wa Lucy Hunt, Paul Eastwick ndi Eli Finkel wa mu 2015 anaonetsa kuti amene anayamba chibwenzi atangokumana kumene ankafanana kwambiri pa kukongola, pamene amene anadziwana kaye kwa miyezi yambiri sankafanana choncho, popeza aliyense anali atapeza mwa mnzake zina zomukopa zimene alendo sangazione.