Kwa Mayi NaBanda a ku Santhe: Mzinda Muuone pa Mwezi Wake Wovuta

Mayi NaBanda, mwafunsa kuti popeza kuntchito kwa abambo akunyumba awapatsa mwayi wosankha pakati pa Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndi mzinda uti umene ungayenere banja lochokera ku Santhe, makamaka poganizira nyengo, kakhalidwe ka anthu ndiponso mwana wanu wa zaka 7 amene amavutika ndi mphumu. Mwachita bwino kufunsa musanamange katundu. Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ku Mzuzu, ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndisanapume n'kubwerera kuno ku Kasungu, ndipo ku Zomba ndinkapitako kawirikawiri kukaona mlongo wanga.

Anthu ambiri amaukonda mzinda chifukwa anafikako tsiku limodzi kunja kukuwala bwino, koma mzinda uliwonse uli ndi mwezi wake umene umasautsa anthu okhalamo, ndipo mwezi umenewo ndi umene muyenera kuuganizira. Poyamba tengani kabuku ka kuchipatala ka mwanayo muone masiku amene munathamanga naye atabanika. Ngati masiku ambiri ali mu Juni ndi Julayi, ndiye kuti chimamuvuta ndi mphepo yozizira, koma ngati ali mu Seputembala ndi Okutobala, ndiye kuti ndi fumbi ndi utsi wa moto wolusa m'tchire. Kabukuko kakuuzani zoona kuposa ine amene ndikukuyankhani pano, ndipo mukakaonana ndi adokotala mukawaonetse zimenezi.

Lilongwe ali pa chigwa chomwechi chimene ife tikukhalapo, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja ya mchere, choncho thupi la munthu wa ku Kasungu silidabwa nako. Mvula imayamba chakumapeto kwa Novembala n'kusiya cha mu Epulo, kumazizira mu Juni ndi Julayi, kenako dzuwa limaswa mtengo mu Okutobala monga momwe limachitira kwathu kuno. Vuto lake ndi fumbi. Pamene tinkakhala ku Area 25, m'nyumba yoyang'anizana ndi msewu wadothi, mayi akunyumba ankapukuta tebulo m'mawa, koma pofika masana mwana ankatha kulembapo dzina lake ndi chala, ndipo kamvuluvulu akadutsa ankasiya majumbo atakoleka pa mpanda ndi zovala zochapa zitafiira pa chingwe. Onjezanipo utsi wa njerwa zimene amaotcha m'malo omwe anthu akumanga, ndi wa zinyalala zimene amayatsa madzulo. Komabe fumbi limeneli silifanana paliponse, chifukwa nyumba ya pa msewu wa phula, yokhala ndi kapinga ndi mitengo iwiri pabwalo, imasiyana kwambiri ndi nyumba ya m'mphepete mwa msewu umene njinga zamoto za kabaza zimadutsa tsiku lonse.

Mzindawu unakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 unapezeka ndi anthu 989,318. Unamangidwa motayana, kotero kuti Old Town, City Centre ndi Kanengo zili kutali ndi kutali, ndipo munthu akalakwitsa posankha dera amathera malipiro ake m'maminibasi, kukwera awiri popita ndi awiri pobwera. Mufunse kaye kumene kuli ofesi ya abambo, kenako mufunefune nyumba ndi sukulu mbali yomweyo.

Blantyre ndi wosiyana. Ndi mzinda wakale, umene unayamba ndi mishoni ya anthu a ku Scotland mu 1876, ndipo uli pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe. Malo ake ndi oyandikana, malonda ndi otentha, anthu amayenda mofulumira, ndipo tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers mumadziwa ngakhale simutsata mpira. Nyengo yake imasintha malinga ndi kumene mwaima: ku Limbe ndi ku Bangwe ndi kokwera ndipo kumazizira, pamene ku Chileka ndi kotsika ndipo kumatentha. Pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumabwera chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chimenechi ndi nkhungu yosakanikirana ndi mvula yowaza, imene imatha kukhala masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka, ndipo ife ozolowera chisanu chouma cha ku Kasungu chimatilowa m'mafupa. Ndikukumbukira yunifolomu ya mwana wanga itakhala pa chingwe kuyambira Loweruka mpaka Lolemba osauma, mpaka tinachita kuiyanika pafupi ndi mbaula, chinthu chimene simungachite m'nyumba muli mwana wa mphumu chifukwa cha utsi wa makala.

Pali zinthu zina ziwiri za Blantyre zimene sindingakubisireni. Madzi ambiri a mumzindawu amachokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, ndipo amachita kuwapopa ndi magetsi kukwera mtunda wautali, choncho magetsi akavuta madera okwera ndi amene amayamba kuuma mipopi. Chachiwiri ndi malo otsetsereka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Mukasankha Blantyre, nyumba ya m'munsi mwa phiri kapena m'mphepete mwa khwawa muikane ngakhale lendi yake itatsika motani. Ubwino wake ndi wakuti chipatala cha Queen Elizabeth chili pomwepo, ndipo ndi chimene ambiri mwa madokotala athu amaphunzirirapo ntchito.

Mzuzu ndinaukonda kwambiri, ndipo mpaka lero ndimaukumbuka. Uli pamwamba kuposa mizinda ina itatuyo, pa mamita pafupifupi 1,250, mpweya wake ndi wabwino, fumbi ndi lochepa, ndipo ngakhale mu Okutobala munthu amagona tulo osataya bulangete. Ndi mzinda waung'ono, wa anthu 221,272 pa kalembera yemwe uja, moti malo ambiri mumafikako pa njinga ya kabaza kapena wapansi. Nthochi, chinangwa ndi nsomba za ku Nkhata Bay, komwe ndi makilomita pafupifupi 50, zimapezeka mosavuta, ndipo makolo a kumeneko amalimbikira kwambiri za sukulu, zimene zimakokanso mwana wobwera. Chitumbuka chisakuopseni, chifukwa ife a ku Kasungu timachimva kale kwa abale athu a ku Nkhamenya, ndipo mumsika anthu amayankhula Chichewa bwinobwino. Koma walira mvula walira matope. Mvula ya ku Mzuzu imapitirira mpaka Epulo ndi Meyi pamene kuno tayamba kale kukolola, ndipo mu Juni ndi Julayi kumachita nkhungu ndi kuzizira koopsa. M'madera a m'dambo makoma amachita chinyontho ndi chuku, nsapato zosiyidwa pansi pa bedi zimamera zoyera, ndipo chuku chimenechi chimadzutsa mphumu mofanana ndi fumbi. Ngati kabuku kaja kakuonetsa kuti mwana amavutika m'chilimwe, Mzuzu angamuthandize, bola nyumba ikhale pamtunda ndipo dzuwa lizilowa m'chipinda chake.

Za Zomba ndinena mwachidule. Ndi likulu lakale, la phee, la mitengo yambiri, ndipo madzi ake ochokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri ndi okoma. Moyo wake umazungulira pa yunivesite, asilikali, apolisi ndi maofesi a boma, choncho ngati inu mayi mukufuna kuchita geni yaikulu, msika wake ndi wochepa poyerekeza ndi Blantyre, amene ali pa makilomita pafupifupi 65. Kumunsi kwa mzinda, cha ku Matawale, kumatentha ndipo udzudzu ndi wambiri.

Tsopano pali chinthu chimene simunachitchule koma chimene chimalemera kuposa nyengo, ndicho mtunda wochokera kumudzi. Banja la ku Santhe limene lili m'tauni silidya malipiro okha. Limadyanso matumba a chimanga, mtedza, soya ndi nyemba zochokera kumunda kwawo, ndipo limayenera kupezeka pa maliro, pa chinkhoswe ndi pamene makolo adwala. Kuchokera ku Kasungu boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 kudzera ku Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, ndipo inu muli ndi msewu wanu wodzera ku Kasiya. Uthenga wa maliro ukafika m'bandakucha, mumafika mwambo usanayambe ndipo mutha kubwerera tsiku lomwelo. Ku Mzuzu ndi makilomita oposa 200, kudzera ku Jenda ndi m'nkhungu ya ku Chikangawa. Ku Blantyre ndi ku Zomba ndi makilomita oposa 400, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo thumba la chimanga likamafika kumeneko mtengo wonyamulira umakhala utadya phindu lake lonse. Zaka zimene ndinali ku Blantyre ndinalephera kuika m'manda amalume anga amene anandilera, chifukwa pamene ndinkafika anthu anali akubwerera kuchokera kumanda, ndipo zimenezo zimandipwetekabe mumtima.

Mutandifunsa ine, ndinganene kuti musankhe Lilongwe, mupeze nyumba ya pa msewu wa phula mbali imene kuli ntchito ya abambo, muziphikira panja, ndipo mudziwiretu njira ya ku chipatala cha Kamuzu Central ndi chipatala chaching'ono chapafupi musanagone usiku woyamba. Mzuzu ndikuuika pachiwiri, ndipo ungakwere pamwamba ngati zitatsimikizika kuti fumbi ndi limene limamubanikitsa mwanayo. Ngati kuntchito angakupatseni nthawi, abambo atsogole okha akakhale mwezi umodzi, akayende m'dera limene mukufunalo m'mawa ndi madzulo, akafunse anthu oyandikana nawo kuti madzi amatuluka masiku angati pa sabata, ndipo akakanda khoma la kuchipinda ndi chala aone ngati penti wake sakubisa chinyontho.