Mafunso ndi Mayankho: Kodi piki yodula imalizadi gitala bwino kuposa yotchipa?

Funso: Akonzi, ndimaimba gitala ya bokosi ndi mapiki wamba (timapulasitiki tomenyera nsambo), aja obwera ambiri m'kapaketi kamodzi. Mnzanga wa m'bandi akundikakamiza kuti ndigule piki ya BlueChip, koma mtengo wa imodzi yokha ndingagulire mapiki wamba makumi angapo. Kodi kapulasitiki kochepa chonchi kangasinthedi kamvekedwe ka gitala, kapena n'kungotaya ndalama?
*Woimba gitala ya bokosi*

Yankho: Achimwene, mnzanuyo sakunama. Piki imasinthadi kamvekedwe, makamaka pa gitala ya bokosi, poti pamenepo palibe ampu (makina okuzira mawu) yobisa kanthu. Chimene sanakuuzeni n'chakuti kusintha kwakukulu kumachokera ku kukhuthala kwa piki ndi kaumbidwe ka nsonga yake, ndipo ziwirizi zimapezeka ngakhale m'mapiki otchipa.

Tiyambe ndi kukhuthala, komwe kumalembedwa pa piki penipenipo m'mamilimita. Piki yosafika 0.60 mm ndi yopyapyala: ikakhudza nsambo imayamba yapindika, kenako n'kuisiya mochedwerako, ndipo imamveka kaphokoso ka phaphapha pamwamba pa nyimbo. Kukwapulira makodi (nsambo zingapo nthawi imodzi) imakoma, koma poimba nsambo imodziimodzi mothamanga imatsalira m'mbuyo mwa dzanja. Kuyambira 1.0 mm kupita m'tsogolo piki sigonja, ndi nsambo imene imagonja, choncho mawu amatuluka onenepa ndipo amalira nthawi yeniyeni imene dzanja lafuna. Ambiri sadziwa kuti kulimba sikukwera mofanana ndi kukhuthala. Mapiki awiri a pulasitiki imodzi, ina ya 0.50 mm ina ya 1.0 mm, yachiwiriyo imalimba pafupifupi kasanu n'katatu kuposa yoyamba, osati kawiri. N'chifukwa chake kuchoka pa 0.73 kupita pa 0.88, komwe pamaso kumaoneka ngati si kanthu, m'zala kumamveka ndithu.

Tsono pafupifupi mapiki onse odula ndi okhuthala. Manambala a pa BlueChip amawerengedwa m'tizigawo ta inchi: yolembedwa 40 ndi ya 1.0 mm, ya 50 ndi pafupifupi 1.25 mm, ya 60 ndi 1.5 mm. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuimbira piki ya 0.60 mm akagwira BlueChip ya 50, gitala imamveka ngati yasanduka ina, iye n'kutamanda mtengo. Pamenepo wamva kukhuthala basi, ndipo akanamva zambiri mwa zomwezo ndi piki wamba ya 1.14 mm.

Nanga ndalama zinazo zimagula chiyani? Choyamba ndi m'mphepete. Mapiki otchipa amadulidwa ndi makina pa chipepala cha pulasitiki kapena kuumbidwa m'chikombole, ndipo m'mphepete mwake mumakhala chimodzimodzi kuzungulira konse, nthawi zina ndi kamzere kotsalira ka chikombolecho. Odulawo amasemedwa mopendekera cha kunsonga n'kupukutidwa mpaka kusalala ngati galasi, kotero piki imatsetsereka pa nsambo m'malo mokanda. Izi zimamveka kwambiri pa nsambo zinayi zonenepa, zokulungidwa ndi kawaya, pomwe piki yokhakhala imachita khwee isanalize noti. Chachiwiri ndi chimene yapangidwira. BlueChip ndi ya pulasitiki yofiirira ya m'gulu la polyimide, imene mafakitale amapangira tizipangizo toyenera kupirira kutentha ndi kukhulana. Pulasitikiyo ndi yodula isanakhale n'komwe piki, ndipo imaperepeseka pang'onopang'ono zedi. Piki wamba ya pulasitiki ya celluloid m'manja mwa woimba tsiku ndi tsiku imatha nsonga m'masabata kapena miyezi yochepa, pomwe iyi imakhala zaka ili chimodzimodzi.

Maganizo athu ndi awa. Ngati mumaimba nyimbo zothamanga za nsambo imodziimodzi pa gitala ya bokosi, mukudziwa kale kukhuthala ndi kaumbidwe kamene dzanja lanu limakonda, ndipo simutayataya mapiki, igulani, simudzadandaula. Ngati chimodzi mwa izi chikusowa, dikirani kaye. Palinso njira yapakati: piki ya Primetone ya kampani ya Dunlop, ya pulasitiki ya Ultex, imabwera yosemedwa kale m'mphepete, zitatu m'paketi, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi BlueChip imodzi.

Funso: Ndingadziwe bwanji kuti kusiyana kumene ndikumva n'koona, osati makutu akungondinamiza chifukwa ndalipira zambiri?
*Wophunzira nyimbo*

Yankho: Funso labwino, chifukwa khutu limakondera chimene thumba lavutikira. Bwerekani piki yodulayo, ndipo muiyerekeze ndi yotchipa ya kukhuthala kofanana ndi nsonga yofanana, apo ayi mukhala mukuyesa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ikani foni pa tebulo, theka la mita kuchoka pa gitala, molunjika pomwe khosi lakumana ndi bokosi osati pa bowo, chifukwa pabowopo mawu amagunda mopitirira. Jambulani kachigawo kamodzimodzi ka masekondi 20 katatu ndi piki iliyonse, osasuntha mpando. Kenako mnzanu asokoneze ndondomeko yake n'kukuseweretsani inu osaona. Mukalephera kuloza yodulayo kasanu mwa kasanu n'kamodzi, kusiyana kwa mawu n'kochepa kwa inu.

Chimene chimaononga mayesowa kawirikawiri ndi malo amene piki ikumenya. Kusuntha dzanja masentimita atatu okha kulowera komwe nsambo zamangiriridwa kumathwetsa mawu kuposa kusintha pulasitiki kulikonse, choncho matani kapepala pa bokosi kokukumbutsani malo. Nsambo nazonso zikhale zatsopano. Zadzimbiri zimameza mawu apamwamba, omwe ndi amene amasiyanitsa piki ina ndi inzake.

Dziwaninso kuti foni sijambula mmene piki ikukhalira m'zala. Ngati mawu afanana koma dzanja likuyenda momasuka ndi yodulayo, chimenechonso n'chifukwa chomveka choigulira.

Funso: Ndinamva kuti munthu angathe kusema yekha piki yotchipa kuti izitsetsereka ngati yodula. Zimatheka bwanji?
*Woimba rizimu*

Yankho: Zimatheka, ndipo ndi ntchito ya mphindi khumi. Tengani piki ya 1.0 mm kapena kuposa, chifukwa yopyapyala ilibe mnofu woti n'kusemapo. Za pulasitiki ya Tortex ndi ya Ultex zimasemeka bwino. Za nayiloni zimatuluka tiubweya m'mphepete tovuta kuchotsa, ndiye zisiyeni.

Musayambe ndi sandipepa. Imbirani kaye pikiyo kwa sabata, kenako muiyang'ane pa kuwala. Muona kuti yadyeka mbali imodzi ya nsonga kumaso kwina, ndi mbali inayo kuseri kwake. Pamenepo ndi pomwe dzanja lanu limakhudzira nsambo potsika ndi pokwera, ndipo ntchito yanu n'kungokulitsa kupendekera komwe kwayamba kale. Izi zimakupulumutsani ku vuto losema mbali yolakwika, pakuti woimba ndi dzanja lamanzere amadya piki mosemphana ndi wa lamanja. Pachifukwa chomwechi, ogula mapiki odula osemedwa kale azifunsa kuti ndi a dzanja liti.

Yalani sandipepa ya nambala 400 pa tebulo losalala. Gwirani piki mopendeketsa motsatira podyekapo, muikoke kulowera mbali imodzi ka 10 kapena 15, kuyambira mamilimita asanu kapena asanu n'limodzi pamwamba pa nsonga mpaka kunsonga. Tembenuzani, chitani chimodzimodzi kuseri ndi chiwerengero chofanana. Pitani pa 800, kenako pa 1500 mutadonthezapo madzi, ndipo mumalize poikhula mwamphamvu pa chikopa kapena katoni mpaka m'mphepete muwale. Yesani ndi chikhadabo: chikakodwa paliponse, bwererani pa 800.

Zolakwika zimene zimachitika ndi kudumpha kuchoka pa 400 kupita pachikopa, zomwe zimasiya timikwasa tolira pa nsambo zokulungidwa, ndi kukhula nsonga yeniyeniyo mpaka piki kufupika, kenako zala n'kumagunda nsambo. Ndipo piki ya celluloid musaiyandikize pa makina onolera kapena pamoto. Pulasitiki imeneyi imayaka msangamsanga.

Funso: Ine ndimaimba lidi (gitala yotsogolera nyimbo) pa gitala ya magetsi, ampu nditaikweza kuti mawu azikhadzuka. Piki yodula ingandithandize?
*Woimba lidi m'bandi*

Yankho: Pa mawu, pang'ono chabe. Ampu ikakhadzula mawu imafinya noti zonse kuti zifanane mphamvu, ndipo tizosiyana ta pulasitiki timamira mmenemo. Chimene chimatsala, ndipo chimakula, ndi kaphokoso ka piki ikamakhudza nsambo. Mapiki olimba owala a acrylic, monga a V-Picks, amatulutsa katswiii pa nsambo zopyapyala, komwe ena amakakonda ndipo ena amadana nako. Choncho yodula itha kukusokonezani m'malo mokuthandizani.

Kwa inu chofunika ndi nsonga yosongoka ndi piki yaing'ono yosapindika. Jazz III ya Dunlop, imene inatuluka mu 1976, ndi ya nayiloni ya 1.38 mm, ndi yotchipa, ndipo akatswiri ambiri a lidi yothamanga amaimbira yomweyo. Brian May wa gulu la Queen amaimbira kandalama kachitsulo kakale ka ku Britain ka sixpence, chifukwa sikapindika ndipo timano ta m'mphepete mwake timapatsa mawu ukali. Musathamangire kumutsanzira osaganiza: chitsulo chimadya nsambo msanga ndipo chimakala penti wa gitala dzanja likaphonya.

Funso: Mwana wanga wa zaka 11 wayamba kumene kuphunzira gitala. Ndikufuna kumugulira zipangizo zabwino kuti asagwe ulesi. Ndimugulire piki yodula?
*Mayi wa wophunzira*

Yankho: Ayi mayi, sungani ndalamazo. Mapiki a ophunzira amagwera m'bowo la gitala, amatsalira m'matumba a zochapa, amabwerekedwa osabwerera. Mugulireni paketi yosakaniza makulidwe. Ya Tortex ndi yosavuta kwa mwana chifukwa mtundu uliwonse uli ndi kukhuthala kwake: yofiira 0.50, ya olenji 0.60, yachikasu 0.73, yobiriwira 0.88, yabuluu 1.0, yapepo 1.14. Ayambe ndi ya olenji kapena yachikasu, zimene zimakhululuka dzanja likamenya mopitirira. Chimene chimagwetsa ana ulesi ndi nsambo zotalikira kwambiri ndi khosi la gitala, zopweteka zala pokanikiza. Ndalama zotsalazo mupatse wokonza magitala kuti azitsitse ndi kuika nsambo zatsopano zofewerapo.

Funso: Wina akundigulitsa piki imene akuti ndi ya chigoba chenicheni cha kamba, ati palibe ina yoposa. Ndigule?
*Wokonda magitala akale*

Yankho: Bambo, musagule. Kale mapiki abwino ankapangidwadi ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja wotchedwa hawksbill, ndipo Luigi D'Andrea anayamba kupanga a celluloid ku New York mu 1922. Kamba ameneyu ali pafupi kutha padziko, ndipo malonda a chigoba chake pakati pa mayiko analetsedwa m'zaka za m'ma 1970 kudzera m'pangano la CITES. Kugula n'kulimbikitsa opha nyamayi, ndipo kuoloka nayo malire kungakuikeni m'mavuto ndi lamulo. Komanso zambiri zogulitsidwa ndi dzina limeneli ndi celluloid wamba wa mawangamawanga.

Ofuna mawu oyandikira a chigoba amagula mapiki a casein, pulasitiki yopangidwa kuchokera ku mkaka, monga a Red Bear. Amamveka mofunda ndipo amagwirika bwino, koma ndi odula ndiponso osachedwa kuonongeka: akanyowa amapotoka, mukayesa kuwapinda amathyoka, ndipo sayenera kusiyidwa m'thumba la thalauza kapena padzuwa. Amafunanso kupukutidwa m'mphepete nthawi ndi nthawi, monga tafotokozera pamwambapa.

Funso: Manja anga amatuluka thukuta ndipo piki imazungulira m'zala pakati pa nyimbo. Yodula ingathetse zimenezi?
*Woimba pa zisudzo ndi m'madansi*

Yankho: Ina ingathandize, chifukwa acrylic ndi polyimide zimakakamira pang'ono pa khungu zikafunda. Koma yambani mwaona kagwiridwe. Nsonga ikatuluka kwambiri kunja kwa zala, nsambo imaipeza mphamvu yoitembenuza, choncho isapitirire mamilimita atatu kapena anayi poimba lidi, ndi kuposerapo pang'ono pokwapula makodi. Kufinya mwamphamvu nakonso kumaumitsa mkono ndi kuwonjezera thukuta lomwelo.

Vuto likapitirira, boolani timabowo titatu kapena tinayi ta mamilimita awiri pakati pa piki, kutali ndi nsonga, kuti khungu la chala chachikulu ndi cholozera lizilowamo. Muthanso kukanda mizere yopingasana ndi nsonga ya mpeni pogwirapo, mbali zonse ziwiri, kapena kugula ya nayiloni yokhala ndi timabampu touumbira pomwepo. Piki yakatatu yaikulu, ija ya makona atatu ofanana, imapatsanso zala malo ambiri ogwira, ndipo ikazungulira mumapeza nsonga ina ikudikira. Itsukeni ndi sopo kamodzi pa sabata, chifukwa nthawi zambiri chimene chimaiterereketsa ndi mafuta a m'manja amene aunjikana pamwamba pake.